Kuzungulira Mapiri a Sinowo ku Scotland Pagalimoto: Mmene Banja Lingakonzekere

Januwale akafika ku Britain, mabanja ambiri a kwathu amangodzitsekera m'nyumba, kuyatsa hita n'kumawerenga masiku kuti dzuwa libwerera liti. Ana ndiwo amabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani za anzawo amene apita ku France kapena ku Austria kukatsetsereka pasinowo. Kholo likawerengera ndalama za ndege, hotela ndi zovala za anthu asanu, limangoyankha kuti tidzaona chaka chamawa. Komatu masewera omwewo alipo pafupi, mtunda wa maola awiri pagalimoto kuchokera ku Glasgow kapena ku Edinburgh. Kumapiri a kumpoto kwa Scotland kuli malo asanu ochitirako masewera a ski: Glenshee, The Lecht, Cairngorm Mountain, Nevis Range ndi Glencoe Mountain. Onsewa ndi aang'ono powayerekeza ndi a kumapiri a Alps, ndipo kuchepa kwawoko n'kumene kumawayenereza banja loyamba kumene. Mwana sasochera, galimoto imaima pafupi ndi sinowo, ndipo akatopa mumangobwerera kumene mwagona kukaphika.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi nyengo, chifukwa ulendo wonse wagona pamenepo. Mapiri a ku Scotland ndi aafupi. Lalitali kwambiri, Ben Nevis, ndi la mamita 1,345, kutanthauza kuti munthu amene waima pamsika wa Dedza ali pamwamba kuposa nsonga yake, ndipo Sapitwa wa mamita 3,002 amaliposa kawiri. Sinowo amagwa kumeneko chifukwa dzikolo lili kumpoto kwenikweni, koma mphepo yofunda yochokera kunyanja ya Atlantic imatha kumusungunula usiku umodzi wokha. Lero phiri lonse lili mbee, mkuja latsala miyala ndi matope. Tsiku lina sinowo alipo wochuluka koma mphepo yakula, makina okweza anthu atsekedwa. Choncho amene walipiriratu zonse za phiri limodzi patsiku limodzi kutatsala miyezi itatu amakhala ataika mtima wa ana pachiswe. Ubwino wa galimoto ndi womwewo: mumapita kumene sinowo ali sabata imeneyo. Glenshee, The Lecht ndi Cairngorm zili chakum'mawa, kouma ndi kozizira kwambiri, pomwe Nevis Range ndi Glencoe zili kumadzulo kumene mikuntho ya kunyanja imafikira. Nthawi zina mbali imodzi imaipa ina ili yabwino.

Nyengo yamasewerawa imayambira mu Disembala mpaka mu Epulo, koma ine ndingalangize banja kusankha kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo sinowo amakhala asanakhazikike. Mu Malichi masana amatalika, sinowo amakhala ataunjikana m'makwawa. Sabata yatchuthi cha sukulu pakati pa Febuluwale imadzaza anthu, moti malo oimika galimoto amatha m'mamawa. Ngati ntchito yanu ndi ya mashifiti ndipo mungapeze masiku a pakati pa sabata, amenewo ndiwo abwino. Posungitsa malo ogona, sankhani okhawo amene amalola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama, ngakhale atakwera mtengo pang'ono. Matikiti a phiri mugule pa intaneti kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, mutaona kale zimene malowo alengeza komanso zithunzi za makamera awo, zimene zimaonetsa phiri mmene lilili ola limenelo. Za mphepo ndi mitambo ya pamwamba pa mapiri onani kwa Met Office ndi Mountain Weather Information Service, popeza nyengo imene foni yanu ikuonetsa ndi ya m'tauni ya m'chigwa.

Njira yake

Ochokera kumwera amafika ku Perth n'kutenga msewu wa A93 wopita ku Blairgowrie. Pamenepo ndi pamene pamayambira msewu wa alendo wotchedwa SnowRoads, wa mamailosi 90, umene umakathera ku Grantown-on-Spey. Thirani mafuta ku Blairgowrie, gulani zakudya, chifukwa kutsogoloko masitolo ndi apatalipatali.

Glenshee ili pamwamba pa Cairnwell Pass, mamita 670, ndipo palibe msewu wina waukulu ku Britain umene umakwera kuposa pamenepa. Ndiwo malo aakulu mwa asanuwa, okhala ndi njira zotsetserekamo zokwana pafupifupi makilomita 40 ndi makina okweza anthu oposa 20, mbali zonse ziwiri za msewu. Oyamba kumene ali ndi malo awo pafupi ndi poimika galimoto. Pamsewuwu mudzaona zipata zachitsulo, china ku Spittal of Glenshee kumwera, china ku Braemar kumpoto. Sinowo akachuluka apolisi amatseka zipatazi mpaka magalimoto okankha sinowo atalambula msewu. Musayese kuzilambalala. Dziwaninso kuti nthawi zina chipata chimodzi chimatsegulidwa china chikadali chotseka, ndiye m'mawa muziona kaye mbali imene mwagona musanadzutse ana. Braemar, mudzi umene uli mamailosi pafupifupi 9 kumpoto kwa phirili, ndi wozizira zedi. Kumeneko kunazizirapo mpaka madigiri 27.2 kunsi kwa ziro, mu 1895 komanso mu 1982, ndipo ku Britain konse sikunazizirepo kuposa apo. Galimoto yogona panja ku Braemar imafuna batire lamphamvu.

Kuchoka ku Braemar msewu umatsata mtsinje wa Dee, kudutsa pafupi ndi nyumba yachifumu ya Balmoral, ndipo musanalowe ku Ballater mumakhotera kumpoto pa A939. Chigawo cha msewu umenewu pakati pa Cock Bridge ndi Tomintoul n'chotchuka chifukwa kawirikawiri ndicho chimayamba kutsekedwa sinowo akagwa. Mukangodutsa Cock Bridge pali chitunda chokhotakhota chimene chikwangwani chake chimati 20 peresenti. Pamwamba pake ndi pamene pali The Lecht.

Kwa banja la ana aang'ono, kapena akuluakulu amene sanapondepo pa ski, The Lecht ndiwo malo oyenera kupatsidwa masiku ambiri. Nambala ya 2090 imene imalembedwa pafupi ndi dzina lake ndi kutalika kwa malowo m'mafiti, pafupifupi mamita 640. Zitunda zake ndi zazifupi ndi zosaopsa, ndipo pafupifupi zonse zimatsikira pamsewu pomwe pali nyumba yodyeramo, moti kholo limene silikusewera limatha kukhala pawindo n'kumaona ana. Pali lamba woyenda amene mwana amangoimapo n'kumukweza pang'onopang'ono. Palinso makina opanga sinowo, choncho malo a ophunzira amatha kutsegulidwa ngakhale mapiri ozungulira ali akuda. Odziwa kale masewerawa amatopa napo msanga, koma inu simukupita kukapikisana ndi munthu.

Mukatsikira ku Tomintoul ndi Grantown-on-Spey, msewu wa A95 umakufikitsani ku Aviemore. Tauni imeneyi ili ndi siteshoni ya sitima, masitolo akuluakulu a zakudya, mashopu obwereketsa zipangizo ndi malo ogona a mitengo yosiyanasiyana. Amene sakufuna kusamukasamuka ndi ana ndi katundu angathe kugona pano masiku onse, chifukwa Cairngorm ili pamtunda wosakwana theka la ola, The Lecht pafupifupi ola limodzi, ndipo Nevis Range ola ndi theka. M'mawa uliwonse mumasankha kolowera malinga ndi nyengo.

Cairngorm ndi phiri la mamita 1,245, lokongola koma lamphepo. Mu Malichi 1986 pansonga pake panayezedwa mphepo yothamanga mamailosi 173 pa ola. Kuli sitima yokwera phiri imene inatsegulidwa mu 2001, koma inatsekedwa mu 2018 kuti ikonzedwe ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakhalapo yotseka kwa nthawi zitalizitali, choncho funsani ngati ikuyenda musanalonjeze ana. Tsiku limene mphepo yatseka phiri silitayika kuno. M'nkhalango ya Glenmore, m'munsi mwa phirili, muli nyanja ya Loch Morlich ndi njira zoyendamo zotetezeka ku mphepo. Kulinso gulu la nyama za reindeer zimene zinabwera kuchokera ku Sweden mu 1952, ndipo alendo amaperekezedwa kukaziona. Chakumwera pang'ono, ku Kincraig, kuli Highland Wildlife Park kumene ana angaone zimbalangondo zoyera.

Kupita kumadzulo mumatsika ndi A9 mpaka ku Kingussie, kenako A86 m'mbali mwa Loch Laggan mpaka ku Spean Bridge. Nevis Range, imene inatsegulidwa mu 1989, ili paphiri la Aonach Mòr pafupi ndi Fort William. Anthu amakwera m'timabokosi totseka tolendewera pachingwe mpaka mamita 650, ndipo ngati muli ndi agogo amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, apa ndi pamene angafike pasinowo ndi kuona mapiri osayenda mtunda. Kuchokera ku Fort William, A82 imadutsa m'chigwa cha Glen Coe n'kukwera kuchipululu cha Rannoch Moor, kumene kuli Glencoe Mountain, malo akale kuposa onse, amene makina awo oyamba anaikidwa mu 1956. Kuno mumayamba mwakwera mpando wolendewera kuchoka poimika galimoto kuti mukafike pamalo athyathyathya a ophunzira, ndipo pampando umenewo pamazizira, ndiye valani zonse musanakwere. Njira yotchedwa Flypaper, yotsetsereka koopsa, isiyireni akatswiri. Pobwerera mumadzera ku Tyndrum, Crianlarich ndi Loch Lomond mpaka ku Glasgow.

Musayese kumaliza malo onse asanu paulendo woyamba. Masiku asanu kapena asanu ndi limodzi amakwanira malo atatu, n'kutsala tsiku limodzi lopuma kapena lodikira nyengo. Tsiku losamuka musaliphatikize ndi kusewera mpaka madzulo. Miyendo yotopa, mdima wofulumira ndi msewu wachilendo siziyenderana.

Galimoto

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ngozi yaikulu paulendowu ili pamsewu kuposa paphiri. Yambani ndi matayala. Lamulo la ku Britain limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6, koma pasinowo tayala lotere ndi lakutha. Lisachepere mamilimita 3. Matayala a nyengo yozizira sakakamizidwa ndi lamulo, koma mphira wake umakhalabe wofewa kukazizira kutsika madigiri 7, pomwe wa matayala wamba umauma n'kuleka kugwira msewu. Ngati simungathe kukhala ndi matayala a mitundu iwiri, gulani a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka sinowo m'mbali mwake. Galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi imakwera bwino chitunda, koma poima imadalira matayala ngati ina iliyonse, ndipo ambiri amene amagwera m'ngalande amakhala atadalira ukulu wa galimoto. Yokoka ndi mawilo akumbuyo okha ndiyo imavutika kwambiri. Kwa amene ali ndi matayala wamba, nsalu zoveka kumatayala zotchedwa snow socks zimathandiza kutuluka pamalo ovuta. Yesererani kuziveka muli kunyumba masana, ndipo kumbukirani kuti zimavekedwa kumawilo okoka ndipo zimavulidwa mukafika patala. Ngati galimoto ndi yahayala, funsani mtundu wa matayala musanasaine.

Pitani kwa makaniko akayeze batire ndi madzi a muinjini oletsa kuundana. M'thanki ya madzi otsukira galasi thirani mankhwala osaundana mpaka madigiri 15 kunsi kwa ziro, osasungunula, ndipo tengani botolo lina. Misewu imawazidwa mchere, ndipo matope amcherewo akauma pagalasi dzuwa lili m'munsi simuona chilichonse. M'buti muikemo fosholo, chopalira ayezi, tochi, mabulangete, zingwe zojampira batire, madzi akumwa, mabisiketi, chotchajira foni ndi mapu apepala, pakuti netiweki imasowa m'zigwa zambiri ndipo batire la foni limatha msanga pozizira. Thanki ya mafuta isatsike kupitirira theka. Amene ali ndi galimoto yamagetsi adziwe kuti kuzizira ndi hita zimadya mtunda umene batire limayenda. Onetsetsaninso kuti muli ndi mgwirizano ndi kampani yothandiza galimoto ikawonongeka panjira.

M'mawa musathire madzi otentha pagalasi loundana, limasweka. Lizani injini, yatsani hita, palani magalasi onse ndi magetsi, ndipo chotsani sinowo wa padenga, chifukwa mukaponda buleki amatsetserekera pagalasi lakutsogolo. Usiku muzidzutsa mawaipa kuti asamatirire.

Amene anayendetsapo galimoto pamsewu wadothi wa matope nthawi ya dzinja kwathu ali ndi poyambira, chifukwa nzeru yake ndi imodzimodzi: chilichonse chichitike mofatsa. Nyamukani ndi giya yachiwiri, moto pang'ono, kuti mawilo asazungulire pamodzimodzi. Pokwera chitunda siyani mpata kuti galimoto yakutsogolo imalize, kenako kwerani ndi liwiro limodzi osaima pakati. Potsika chepetsani liwiro musanayambe kutsika, ikani giya yotsika, injini igwire galimoto. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limachenjeza kuti paayezi mtunda woimira umatha kukula kakhumi, choncho mpata pakati pa inu ndi mnzanu ukhale waukulu ndithu, ngakhale wa kumbuyo akuoneke kuti wathamangira. Kumbuyo kwa galimoto kukayamba kutaya, chotsani phazi pamoto, osaponda buleki mwadzidzidzi, ndipo tembenuzirani chiwongolero mbali imene kumbuyoko kukulowera. Mukakakamizika kuima mwamsanga ndipo buleki ikunjenjemera kuphazi, musaisiye, ndi ABS ikugwira ntchito yake. Ayezi woopsa ndi wosaoneka uja, amene amakhala pamilatho, m'mithunzi ya mitengo ndi m'makona m'mamawa. Mukamva kuti phokoso la matayala lazilala mwadzidzidzi, dziwani kuti mwamuponda. Madzulo ndi m'bandakucha agwape akuluakulu amatsikira kumsewu, makamaka pa A82 ndi A93, ndipo mukaona mmodzi ena ali pambuyo.

Mukatitimira kutali ndi nyumba za anthu, khalani m'galimoto. Yatsani mahazadi, imbani foni, ndipo fukulani sinowo kuzungulira ekizozi musanalize injini, chifukwa ikatsekeka utsi wakupha wosanunkha umalowa mkati. Lizani injini mphindi khumi pa ola lililonse kuti mufunde. Pangozi nambala ndi 999. Za misewu ikuluikulu monga A9 ndi A82 onani kwa Traffic Scotland, ndipo muuzeni wachibale njira imene mwatenga ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika.

Pali malamulo atatu amene amakola anthu athu. Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munakhazikika ku Britain, kenako pamafunika kukhoza mayeso a kumeneko, pomwe ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe imatha kusinthidwa. Kachiwiri, mlingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa ku Scotland unatsitsidwa mu Disembala 2014 kufika pa mamiligalamu 50 m'mamililita 100 a magazi, pomwe ku England ndi 80, ndipo mowa wa usiku umatha kupezekabe m'magazi m'mawa. Woyendetsa angousiyiratu. Kachitatu, mwana amakhala pampando wake wapadera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Muvuleni jekete yokhuthala musanamumange lamba, n'kumufunditsa pamwamba, popeza jeketeyo imachititsa lamba kukhala wokhwepa.

Thupi ndi zovala

Zipangizo zosewerera, ma ski, nsapato zake, ndodo ndi chipewa cholimba, mumabwereka. Zovala ndizo muyenera kukhala nazo, ndipo siziyenera kukhala zatsopano. Mashopu a kaunjika a mabungwe othandiza anthu amakhala nazo, ndipo Aldi, Lidl ndi Decathlon amagulitsa zotsika mtengo nyengo ikayandikira. Valani mosanjikiza: chovala chothina chaubweya kapena chapulasitiki chokhudza khungu, juzi pakati, ndi jekete ndi buluku zosalowa madzi kapena mphepo pamwamba. Thonje lisakhudze thupi, chifukwa limamwa thukuta n'kuzizira, ndipo jinzi ndiyo yoipitsitsa. Sinowo wa ku Scotland ndi wonyowa, choncho mwana aliyense akhale ndi magolovesi awiriawiri osinthira. Musavale masokosi awiri m'nsapato ya ski poganiza kuti mufunda. Amapanikiza magazi, phazi n'kuzizira koposa. Sokosi imodzi yaitali yokhuthala bwino ndi yokwanira, ndipo buluku wamkati asalowe m'nsapato. Magalasi otchinga maso onse ndi ofunika kuno kuposa magalasi adzuwa, chifukwa mphepo imaulutsa timiyala ta ayezi.

Amayi ndi atsikana aganizire za tsitsi asananyamuke. Chipewa cholimba chiyenera kukhala bwino pamutu, ndipo mameshi akuluakulu, mfundo ya pamwamba kapena wigi zimachilepheretsa. Lukani zogona kumutu zolowera kumbuyo, zotsalazo zitsikire m'khosi, ndipo kansalu kopyapyala kosalala mkati mwa chipewa kamateteza tsitsi kuti lisathothoke. Kubwereka chipewa chachikulu mopitirira kuti tsitsi likwane n'kudzinamiza, chifukwa mukagwa chimasuntha. Khungu limauma ndi kung'aluka, ndiye dzolani mafuta okhuthala kumaso ndi kumilomo, komanso mafuta oteteza kudzuwa mu Malichi, pakuti sinowo amabweza kuwala ndipo ifenso timapsa.

Nkhani ya kuzizira tisaitenge mopepuka. Madokotala a asilikali a Britain anapeza kuti asilikali akuda amavulala zala za m'manja ndi za kumapazi chifukwa cha kuzizira kawirikawiri kuposa anzawo oyera. Chinanso, malangizo ambiri amati yang'anani khungu lofiira kapena loyera, zimene pakhungu lathu sizioneka msanga. Muzimufunsa mwana pafupipafupi ngati zala akuzimva, muzigwira makutu, mphuno ndi masaya ake. Pamene pachita dzanzi, pauma kapena patuwa, lowani naye m'nyumba, funditsani zalazo m'khwapa kapena m'madzi ofunda pang'ono, osazitikita ndiponso osaziyandikiza kumoto. Mwana amene akunjenjemera kwambiri, akulankhula mosokonekera kapena akungofuna kugona, thupi lonse lazizira. Muvuleni zonyowa, mufunditseni, itanani ogwira ntchito paphiri. Banja limene muli wodwala sickle cell lionane ndi dokotala ulendo usanakonzedwe, chifukwa kuzizira, kutopa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimadzutsa ululu wa matendawa. Wa mphumu asunge mankhwala ake opumira m'thumba lamkati, pafupi ndi thupi. Mlendo wochokera kwathu akhale ndi inshuwalansi ya paulendo, ndipo ngati akufuna kusewera nawo, ikhale yotchula masewera a pasinowo.

Kuphunzira

Ndalama imene simuyenera kuiumira ndi ya mphunzitsi. Bambo amene anayesapo kamodzi asaphunzitse mkazi wake kapena ana. Aphunzitsi ovomerezeka alipo pamalo onse asanu, ndipo m'maola awiri amakuphunzitsani kuima, kukhota ndi kudzuka mukagwa. Chanzeru koposa ndi kuyambira kufupi ndi kwanu ulendo usanafike. Ku Edinburgh kuli chitunda chochita kupanga ku Hillend, ku Glasgow chili ku Bellahouston Park, ndipo ku England kuli nyumba zokhala ndi sinowo weniweni mkati ku Tamworth, Castleford ndi Milton Keynes. Maphunziro awiri kapena atatu kumeneko amachititsa kuti tsiku loyamba paphiri likhale losangalatsa m'malo mongogwa.

Pobwereka zipangizo adzakufunsani kulemera kwanu, msinkhu ndi luso lanu. Nenani zoona, chifukwa manambala amenewo ndi amene amatcherera chomangira nsapato kuti chimasuke mukagwa bondo lisanapotoke. Nsapato igwire phazi mwamphamvu koma zala zizitha kugwedezeka. Njira za paphiri zili ndi mitundu: zobiriwira ndi za oyamba, zabuluu ndi zosavuta, zofiira ndi zovuta, zakuda ndi za akatswiri. Makina ambiri ku Scotland ndi okoka munthu ataimirira, kambale kapena kamtengo kali pakati pa miyendo kapena kumbuyo kwa ntchafu. Musakhalepo ngati mpando, mungoimirira n'kulola kuti kakukokeni, ndipo mukagwa siyani, chokani m'njira. Amene ali kutsogolo kwanu potsika ndiye mwini njira, inu wa kumbuyo ndi amene muyenera kumupewa. Musaime pakati pa njira kapena kuseri kwa kachitunda kumene otsika sakukuonani. Funsani za matikiti a malo a ophunzira okha ndi a theka la tsiku, amene ndi otsika mtengo. Mwana wa zaka zisanu maola awiri amamukwanira, otsalawo akasewere pa sledge, kangolo kotsetsereka pasinowo, pamalo ololedwa.

Mipanda ndi mitengo yozikidwa m'mbali mwa njira ndiyo malire anu. Kuseri kwake kulibe woyang'anira, kuli maphompho, ndipo mphepo imaumba milomo ya sinowo yolendewera pamwamba pa zigwembe imene imaoneka ngati nthaka yolimba. Scottish Avalanche Information Service imalengeza tsiku ndi tsiku za ngozi ya kugumuka kwa sinowo kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo anthu amafa ndi ngozi imeneyi m'mapiri amenewa. Mtambo ukatsika, thambo ndi nthaka zimasanduka chinthu chimodzi choyera, ndiye tsatirani mpanda pang'onopang'ono mpaka pansi. Wina akasowa kapena kuvulala kunja kwa malire, imbani 999, pemphani apolisi, kenako opulumutsa anthu kumapiri. M'thumba la mwana aliyense muikemo kapepala ka nambala yanu, ndipo gwirizanani malo okumanirana mukasiyana. Panyanja kapena padziwe loundana asapondepo aliyense, ngakhale ayezi aoneke wokhuthala chotani.

Chakudya n'chimene chimatha ndalama mwakachetechete. Pezani nyumba kapena hostel yokhala ndi khitchini ndi chipinda choumitsira zovala. Tengani ufa, mpunga, ndi ndiwo zophikiratu zoumitsa mufiriji, nyemba, nkhuku kapena nyama, kuti madzulo mukafika otopa ntchito ikhale yongotenthetsa ndi kuphika nsima. M'mawa phala la oats, limene eni dzikolo amalikonda, limakhalitsa m'mimba. Paphiri tengani mafulasiki awiri, ina ya tiyi ina ya supu, buledi wopaka kale, mtedza ndi nthochi, ndipo kumbutsani ana kumwa madzi chifukwa pozizira ludzu silimveka. M'nyumba zodyeramo za paphiri gulaniko kanthu kotentha mukafuna kukhala pamipando yawo. Malo amenewa amadalira masabata ochepa a sinowo kuti alipire antchito awo, ambiri mwa iwo anthu a m'midzi yozungulira.

Muzichoka paphiri cha m'ma 3 koloko, kusanade ndiponso msewu wonyowa usanayambe kuundananso. Mukafika kogona yanikani magolovesi ndi masokosi nthawi yomweyo, tchajani mafoni, onani nyengo ya mawa, ndipo mugwirizane kolowera musanagone. Mukabwerera kwanu, pitani ndi galimoto kotsukira kumene amapopera madzi kunsi kwake, chifukwa mchere wa m'misewu ya kumapiri ukakhalitsa umadya chitsulo ndi mapaipi a buleki.